Dzina lobwereka silipulumutsa bizinesi ikasowa nkhuku, magetsi ndi madola

JOHANNESBURG — Mu Okutobala 2018, malo odyera a KFC m'mizinda ya Harare ndi Bulawayo ku Zimbabwe adatseka zitseko kwa kanthawi. Makasitomala adalipo, ndipo chilakolako chawo cha nkhuku yokazinga sichidachepe. Chomwe chidasowa ndi ndalama zakunja. Ogulitsa nkhuku ndi zipangizo zina ankafuna kulipidwa m'madola a ku America, pamene malo odyerawo ankatolera ndalama za m'dzikomo zomwe zinkagwa mphamvu tsiku ndi tsiku.

Patapita zaka zinayi, kumapeto kwa 2022, malo pafupifupi 70 a dzina lomwelo ku South Africa adayamba atseka nawonso, ulendo uno chifukwa kuthimathima kwa magetsi kudasokoneza mafakitale opha ndi kukonza nkhuku.

Pa zochitika ziwirizi palibe amene adakayikira dzina la KFC, lomwe ndi limodzi mwa maina odziwika kwambiri pa malonda a zakudya mu Africa. Chikwangwani chidali chilili pamwamba pa khomo. Chidalephera ndi zomwe kasitomala saona, zomwe zimachitika kuseri kwa kauntala. Kumeneko ndi kumene moyo ndi imfa ya mabizinesi obwereka dzina zimagamulidwa m'chigawo chino cha kumwera ndi pakati pa Africa.

Bizinesi yotereyi, yomwe pa Chingerezi amaitcha franchise, ili ndi mbali ziwiri. Pali mwini dzina, amene adayambitsa malondawo n'kukhazikitsa kaphikidwe kapena kagulitsidwe kake, mtundu wa penti, yunifolomu ya antchito ngakhalenso kalandiridwe ka alendo. Ndiye pali wobwereka dzina, munthu kapena kampani yomwe imaika mpamba wake, kuchita lendi malo, kugula makina, kulemba antchito, n'kumachita malondawo motsatira buku la malamulo la mwini dzina. Wobwereka amapereka ndalama yolowera, kenaka mwezi ndi mwezi amapereka gawo la ndalama zomwe wagulitsa, kuphatikizapo chopereka cha kuthumba lotsatsira malonda. Pangano limakhala la zaka zingapo, nthawi zambiri zisanu kapena khumi.

Njirayi siili m'zakudya mokha. Malo ambiri omwetsera mafuta a galimoto, masitolo a SPAR, ena mwa masitolo a Pick n Pay, malo ogulitsira matayala ndi makampani othira zakumwa za Coca-Cola m'mabotolo amayenda pa mapangano ofanana ndi amenewa.

Likulu la malonda otere m'chigawo chino ndi South Africa. Wimpy idafika ku Durban m'chaka cha 1967, chaka chomwenso Allen Ambor adatsegula malo oyamba a Spur ku Newlands mumzinda wa Cape Town. KFC idalowa mu 1971. Bungwe la eni mabizinesiwa, la Franchise Association of South Africa, lidakhazikitsidwa mu 1979. Ulamuliro watsankho utatha mu 1994, zipata zidatseguka mbali zonse ziwiri: McDonald's idalowa mu 1995, ndipo maina a ku South Africa monga Steers, Debonairs Pizza, Nando's ndi Spur adayamba kuwoloka Limpopo ndi Zambezi, kutsatira misika ikuluikulu yamakono yomwe inkamangidwa ku Lusaka, Gaborone, Windhoek, Maputo, Blantyre ndi Lilongwe.

Chomwe chimakopa anthu n'chosavuta kumvetsa. Munthu amene wapuma pantchito ali ndi ndalama zake m'manja sayenera kuyambira pansi kudziwitsa anthu za malonda ake. Tsiku lotsegulira mzere umakhalapo kale. Amalandira maphunziro, amapatsidwa mapulani a nyumba, ndipo banki imamumvetsera msanga kusiyana ndi munthu wobwera ndi dzina lomwe palibe adalimvapo. Zonsezi n'zoona. Koma zimathandiza kwambiri chaka choyamba, pamene pangano ndi la zaka khumi.

Masamu a pa kauntala

Mfundo yomwe ambiri saimvetsetsa posaina ndi yakuti mwini dzina amadula gawo lake pa ndalama zonse zolowa, osati pa phindu. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu.

Tiyerekeze malo odyera omwe agulitsa zakudya za K100, kaya ndi kwacha ya Malawi kapena ya Zambia. Tinene kuti mwini dzina watengapo K10, kuphatikiza malipiro ake ndi ndalama ya zotsatsa. Nkhuku, mafuta ophikira, ufa, mbatatesi ndi mapepala okulungira zadya K40. Malipiro a antchito, lendi, magetsi, madzi, alonda ndi ngongole ya kubanki zatenga K40 ina. Mwini malo watsala ndi K10. Tsopano mitengo ya nkhuku ndi mafuta ikwere ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kuchoka pa K40 kufika pa K50. Phindu lonse latha. Mwini dzina akulandirabe K10 yake yonse. Ndipo mwini malo akakweza mitengo kuti apumeko, gawo la mwini dzina limakwera nawo limodzi, ngakhale makasitomala ena atathawa.

Apa ndi pamene pamachokera mikangano yambiri pakati pa mbali ziwirizi. Mwini dzina amapindula malonda akachuluka, choncho amakonda zotsitsa mitengo kuti anthu adzaze, ndiponso amafuna malo atsopano atsegulidwe paliponse pamene pali anthu. Wobwereka dzina amafuna phindu pa mbale iliyonse, ndipo malo atsopano a dzina lomwelo akatsegulidwa pamtunda wa makilomita awiri, amene amataya makasitomala ndi iyeyo. Pamwamba pa izi, mapangano ambiri amalamula kuti pakapita zaka zingapo malowo akonzedwenso, mipando ndi zikwangwani zisinthidwe kuti zigwirizane ndi maonekedwe atsopano a kampani. Ndalama yake imatuluka m'thumba la wobwereka, kawirikawiri nthawi yomwe wangomaliza kumene kubweza ngongole yoyamba.

Masamuwa amayenda bwino m'dziko lomwe mitengo ya zinthu ikukwera pang'onopang'ono ndipo ndalama yake njokhazikika. Adapangidwira maiko otero. M'chigawo chino maiko otero ndi owerengeka.

Ku Malawi kwacha idachepetsedwa mphamvu kwambiri mu Meyi 2012, kenaka ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwacha ya Zambia idagwa koopsa mu 2015 mtengo wa kopa utatsika, ndipo metical ya Mozambique idatsatira mu 2016 ngongole zobisika za boma zitaululika. Za Zimbabwe n'zodziwika: kukwera mitengo kwa zinthu kudafika pa 231 miliyoni peresenti mu Julayi 2008, ndipo ndalama yatsopano ya ZiG, yomwe idayamba mu Epulo 2024, idachepetsedwa mphamvu ndi pafupifupi 43 peresenti isanathe ndi miyezi isanu ndi umodzi yomwe.

Kwa wobwereka dzina lakunja, kugwa kulikonse kwa ndalama kumamumenya katatu. Makina okazingira, mafiriji ndi zokometsera zomwe pangano limalamula kuti zigulidwe kwa ogulitsa ovomerezeka okha zimalipidwa m'madola kapena marandi. Malipiro a mwini dzina amayenera kutumizidwa kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa amakhala pamzere kubanki pamodzi ndi oitanitsa mafuta, feteleza ndi mankhwala, omwe boma limawaika patsogolo. Chachitatu ndi lendi. Misika yamakono yambiri idamangidwa ndi ngongole za madola, choncho eni ake amawerengera lendi m'madola ngakhale wochita lendiyo akugulitsa m'makwacha. Boma la Zambia lidayesa kuletsa kutchula mitengo m'ndalama zakunja mu 2012, koma lamulolo lidachotsedwa mu 2014.

Ngongole nayo ndi mtolo wina. Mabanki a ku South Africa amafuna kuti wobwereka dzina abwere ndi pafupifupi theka la ndalama zonse zoyambira, zakezake zosakongola. Ena amaona ngati n'kuuma mtima, koma lamuloli lapulumutsa ambiri, pakuti malo odyera atsopano amatenga miyezi asanayambe kudzilipirira okha. Ku Malawi, komwe banki yaikulu idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo mabanki ena amabwereketsa pamwamba pa pamenepo, phindu la K10 pa K100 lija silingabweze ngongole yomangira malo odyera. N'chifukwa chake maina akuluakulu m'maiko ngati amenewa amakhala m'manja mwa makampani ochepa omwe ali kale ndi chuma, monga oitanitsa katundu ndi eni malo omwetsera mafuta. Nkhani yakuti kubwereka dzina ndi khomo lolowera m'bizinesi kwa munthu wamba imamveka bwino pa misonkhano, koma kumpoto kwa Limpopo siichitika kawirikawiri.

Amene ali ndi khola ndiye amalimba

Tikayang'ana maina omwe akhalitsa, chimodzi chimaonekera: adayamba akonza kochokera katundu asanachulukitse zikwangwani.

Kampani ya Famous Brands, yomwe ndi mwini wa Steers, Wimpy, Debonairs Pizza ndi Mugg & Bean, ili ndi malo odyera oposa 2,500, ambiri mwa iwo ali m'manja mwa obwereka dzina. Koma mphamvu yake yeniyeni ili m'mafakitale ake okonza nyama, mabanzi, tchizi ndi sosi, komanso m'malole ake omwe amagawa katunduyo. Mu 2016 idagulanso fakitale yokonza tchipisi ya Lamberts Bay Foods. Zoterezi zimaipatsa phindu kawiri, pa dzina ndi pa katundu, ndipo obwereka dzina ena amadandaula kuti alibe ufulu wokagula kotsika mtengo. Komabe lole imabwera pa tsiku lake, ndipo banzi la ku Polokwane limafanana ndi la ku East London.

Ku Zimbabwe, Chicken Inn idayamba mu 1987 mumzinda wa Harare, ndipo idakulira m'gulu la makampani a Innscor, lomwe lili ndi magawo m'kampani yoweta nkhuku ya Irvine's ndi yogaya ufa ya National Foods. Idapyola m'zaka zoopsa za 2007 ndi 2008 pamene maina ena akunja adalongedza katundu. Mu 2015 malo odyerawa adapatulidwa n'kukhala kampani yoima payokha ya Simbisa Brands, yomwe ndi mwini wa maina akeake monga Pizza Inn ndi Creamy Inn, komanso imabwereka maina a Nando's ndi Steers. Kumapeto kwa 2022 idasamutsira masheya ake ku msika wa ku Victoria Falls, komwe malonda amachitika m'madola a ku America. Kampaniyi idaphunzira kuti m'dziko lake nkhani yaikulu ndi ndalama yomwe ukugulira ndi yomwe ukugulitsira.

Kumene katundu amachokera kutali, ngozi siichedwa. Mu Januwale 2022 malo a KFC ku Kenya adasowa tchipisi chifukwa mbatatesi zoduladula kale, zomwe zinkaitanitsidwa kunja, zidachedwa pa ulendo wa panyanja. Anthu adakwiya atamva kuti dziko lomwe alimi ake amasowa kogulitsa mbatatesi linkadya zakunja. Mlimi wa ku Dedza, ku Tsangano kapena ku Angonia angaumve mkwiyo womwewo. Koma vuto silithera pa kukonda dziko lako. Mwini dzina amafuna mbatatesi ya mtundu umodzi, kukula kofanana, yodulidwa, yophikidwa pang'ono ndi kuumitsidwa m'firiji, chaka chonse mosadukiza, ndiponso yochokera ku fakitale yomwe adaiyendera n'kuivomereza. Pakati pa munda wa mlimi ndi poto wa malo odyera pakusoweka fakitale imeneyo, ndipo malo odyera asanu kapena khumi m'dziko lonse sangakwanitse kuidyetsa ntchito. Kuchepa kwa malo kumalepheretsa fakitale, ndipo kusowa kwa fakitale kumalepheretsa malo kuchuluka.

Ngakhale maiko olemera sapulumuka pa zimenezi. Mu Febuluwale 2018 KFC idatseka malo mazanamazana ku Britain itangosintha kampani yonyamula nkhuku. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko vutolo lidatha m'masabata owerengeka.

Nkhani yomwe ikuonetsa bwino kuti dzina lokha silikwanira ndi ya kampani ya Taste Holdings ya ku Johannesburg. Kampaniyi inali ndi maina akeake a pizza, Scooters ndi St Elmo's, omwe ankayenda bwino ndithu. Mu 2014 idatenga chilolezo cha Domino's Pizza ya ku America n'kuyamba kusandutsa malo ake kuti akhale a dzina latsopanolo. Chaka chotsatira idatenganso chilolezo cha Starbucks, ndipo malo oyamba atatsegulidwa ku Rosebank mu Epulo 2016, anthu adaima pamzere kwa maola kudikira kapu ya khofi. Zithunzi za mzerewo zidazungulira dziko lonse.

Mzere sudakhalitse, koma ndalama zomangira malo motsatira muyezo wa eni maina aja zidapitirira kutuluka, pa nthawi yomwe randi inali yofooka ndipo chuma cha South Africa chinkangokwawa. Msika wa pizza udali kale m'manja mwa Debonairs ndi Roman's, ndipo omwa khofi adali ndi malo awo omwe adawazolowera. Kampaniyo idapempha ndalama kwa eni masheya kangapo. Kumapeto kwa 2019 idagulitsa bizinesi yonse ya Starbucks pa mtengo wa R7 miliyoni yokha, ndipo mu Malichi 2020 nthambi yake yoyendetsa Domino's idathetsedwa. Anthu wamba omwe adabwereka dzina kudzera mwa Taste, ena a iwo atasiya dzina lakale lomwe linkawadyetsa, adatsala padzuwa. Kampani ina, Grand Parade Investments, idabweretsa Dunkin' Donuts ndi Baskin-Robbins mu 2016 n'kuzitseka mu 2019. Starbucks yokha ikadalipo ku South Africa pansi pa eni ena omwe adaipeza motchipa, zomwe zikusonyeza kuti nthawi zina bizinesi imayamba kupindula pamene woyamba wataya kale ndalama zake.

Nawonso eni maina a ku South Africa adapsa manja atapita kwa eni ake. Famous Brands idagula Gourmet Burger Kitchen ya ku Britain pa mtengo wa mapaundi 120 miliyoni mu 2016, ndipo pofika 2020 bizinesiyo inali itagwa.

Poyerekeza ndi zimenezi, George Sombonos adayambitsa Chicken Licken kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo adapita nayo ku Soweto ndi m'makomboni ena a anthu akuda pamene makampani ambiri ankaopa kapena kunyoza misika imeneyo. Adadziwa kakomedwe komwe anthu ake ankafuna ndi ndalama yomwe akadatha kutulutsa. Dzinalo lilipobe mpaka lero, mwini wake atamwalira mu 2016.

Funso la ndalama ya m'thumba la wogula ndi lalikulu kuposa momwe mapulani a bizinesi amavomerezera. Ku Lilongwe kapena ku Kitwe, wopikisana naye weniweni wa malo odyera a dzina lakunja si dzina lina lakunja. Ndi mnyamata wa pachiwaya ndi mayi wogulitsa nsima ya nkhuku yachikuda kumsika, omwe salipira lendi ya madola ngakhale gawo la mwini dzina. Anthu olandira malipiro apamwezi ndi ochepa, amakhala m'mizinda iwiri kapena itatu, ndipo ambiri amalowa m'malo otere pakutha pa mwezi kapena pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana. Malo oyamba ndi achiwiri amadzaza. Achisanu amayamba kulanda makasitomala a anzake.

Za magetsi sizifuna kulongosola kwambiri. Chilala cha 2024 chidatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba mpaka mabanja ndi mabizinesi ambiri ku Zambia ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Ku Malawi namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wogulitsa pachiwaya amasonkha nkhuni n'kupitiriza. Wobwereka dzina saloledwa kusintha kaphikidwe, choncho amaliza jenereta tsiku lonse, ndipo dizilo, akapezeka, amadya K10 ija.

Nsomba ikawola imodzi

Pali ngozi ina yomwe ndi ya mabizinesi amtunduwu okha. Amene wabwereka dzina wabwerekanso mbiri ya anthu ena onse omwe akugwiritsa ntchito dzinalo. Mu Malichi 2017 kanema wa mkangano pakati pa bambo wachizungu ndi mayi wachikuda m'malo ena a Spur ku Johannesburg adafalikira pa intaneti. Kampaniyo italetsa bamboyo kulowanso m'malo ake, gulu lina la makasitomala achizungu lidayamba kunyanyala Spur, ndipo eni malo a m'matauni akutali, omwe sadaone n'komwe mkanganowo, adataya malonda kwa miyezi. Akuluakulu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Chimodzimodzi malo amodzi auve, kapena mwini malo mmodzi wozunza antchito, amadetsa onse.

N'chifukwa chake kusankha munthu wobwereka dzina ndi nkhani yaikulu kwa mwini dzina wanzeru. Vuto lofala m'chigawo chino ndi la mwini malo wosakhalapo, munthu wa ndalama amene amagula bizinesiyo ngati munda wobzala n'kuusiya, n'kuika mphwake kapena mlamu wake kuti aziyang'anira. Malonda a zakudya ndi a kuwerenga ntchafu za nkhuku m'mawa ndi madzulo. Pomwe mwini sakhalapo, katundu amatulukira kukhomo lakuseri, mafuta okazingira amagwiritsidwa ntchito mpaka kuda, ndipo woyendera wochokera ku Johannesburg, yemwe amabwera kamodzi pa miyezi ingapo, amapeza zinthu zitaonongeka kale. Kutalika kwa mtunda kumachepetsa chithandizo chomwe wobwereka amalandira, chonsecho gawo lomwe amapereka silichepa.

Kampani imodzi ikapatsidwa dziko lonse, kugwa kwake kumagwetsa dzina m'dziko lonselo. Mu 2016 kampani yomwe inali ndi chilolezo cha KFC ku Botswana idalowa m'mavuto azachuma, ndipo malo onse 12 pamodzi ndi antchito ake adakhala pachiopsezo kufikira atapezeka ogula ena. Ku Malawi, kampani ya People's Trading Centre, yomwe inkayendetsa ena mwa masitolo ake pansi pa dzina la SPAR, idatha mu 2022 itamira m'ngongole. Chikwangwani chatsopano sichidathe kuchiritsa matenda akale.

Mliri wa Covid-19 udaonetsa mbali ina. Boma la South Africa litatseka dziko kumapeto kwa Malichi 2020, makampani monga Spur ndi Famous Brands adachepetsa kapena kuimika kaye malipiro omwe amatolera kwa obwereka maina awo, n'kuwathandizanso kukambirana ndi eni nyumba za lendi. Sikudali kukoma mtima chabe, pakuti mwini dzina wopanda malo otsegula alibe chotolera. Koma pamenepo padaoneka kusiyana pakati pa mwini dzina amene amasenza nawo mtolo ndi amene amangodikira tsiku lolandira.

Pa nkhani ya malamulo, South Africa ili patsogolo. Lamulo loteteza ogula la 2008, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2011, limaona wobwereka dzina ngati wogula woyenera kutetezedwa. Pangano liyenera kukhala lolembedwa m'mawu omveka. Mwini dzina ayenera kupereka chikalata choulula momwe bizinesi yake ikuyendera masiku 14 pangano lisanasainidwe, ndipo wosainayo ali ndi masiku khumi ogwira ntchito oti angathe kusintha maganizo popanda chilango. M'maiko ambiri oyandikana nalo mulibe lamulo lapadera lotere. Wobwereka amadalira malamulo wamba a mapangano, a mpikisano pa malonda ndi a zizindikiro za makampani, ndipo kawirikawiri pangano lenilenilo limanena kuti mlandu ukabuka ukazengedwe kwawo kwa mwini dzina. Munthu wa ku Chipata kapena ku Tete amene angakwanitse kulipira maloya ku Johannesburg kapena ku London ndi wosowa. Nduna za zamalonda m'chigawo chino zimakonda kudula riboni potsegulira malo atsopano. Zikadathera nthawi yofananayo pa lamulo lokakamiza eni maina kuulula kuti ndi malo angati omwe adatsekedwa m'zaka zapitazo, zikadathandiza anthu ambiri.

Zomwe makampani akuluakulu akuchita okha zikupereka chithunzi cha komwe phindu lili ndi komwe kuli ngozi. Kumene malonda ali otsimikizika, ena amafuna kugwira okha. Woolworths idalengeza mu 2010 kuti ikusiya kubwereketsa dzina lake ku South Africa, n'kuyamba kugula masitolo omwe adali m'manja mwa anthu ena. Hungry Lion, yomwe idayambitsidwa ndi Shoprite mu 1997 ndipo yafalikira kwambiri ku Zambia, yakula makamaka potsegula malo akeake.

Kumene kwavuta, njira imatembenuka. Shoprite itaganiza zochoka ku Nigeria, idagulitsa masitolo ake mu 2021 kwa amalonda a m'dzikomo n'kuwabwereka dzina. Mu 2025 idalengezanso zogulitsa masitolo ake a ku Malawi ndi ku Ghana. Simbisa nayo idasiya kuyendetsa yokha malo ake a ku Zambia, Ghana ndi Mauritius, n'kuwapereka kwa obwereka dzina. Kwa kampani yaikulu nzeru yake njoonekeratu: dzina likhalebe pamsika, kagawo kazilowabe, koma lendi, dizilo, malipiro a antchito ndi kugwa kwa ndalama zikhale pamutu pa munthu wa konko. Wamalonda wa m'dzikomo angathedi kuchita bwino kuposa kampani yakutali, poti amadziwa alimi, mabanki ndi njira zopezera ndalama zakunja. Koma akamapatsidwa dzina lotchuka pa mtengo wooneka wabwino, ayenera kufunsa chifukwa chomwe mwini wake, amene ali ndi chuma chambiri kuposa iye, sakufunanso kuikapo ndalama zake.

Ena ayamba kuwerengera n'kupeza kuti dzinalo silikubweza zomwe amalipira. Ku Namibia, gulu la makampani a Ohlthaver & List lidayendetsa masitolo a Pick n Pay kwa zaka zoposa 25. Mu 2025 lidathetsa panganolo, ndipo masitolowo adabwerera ku dzina lawo lakale la Model, ali m'nyumba zomwezo, ndi antchito omwewo, koma ndi ufulu wosankha okha kogula katundu.